Kukatsanzika Chinjovu ku Manassas

Tinanyamuka ku Silver Spring dzuwa lili paliwombo, ine ndi malume anga a Gondwe, atavala jekete ngati akupita ku ukwati. Loweruka lake amabwerera ku Malawi osadzabweranso, chifukwa sitiroko inawafoola mwendo. Anali atatsanzika kutchalitchi ndi kwa anansi onse. Chinatsala chinali chibaluni cha njovu, chachitali ngati nyumba yosanja, chomwe ankachigwira chingwe pa perete wa mu Novembala kwa zaka zambiri.

"Munthu sachoka ngati wakuba," anatero.

Ine mtima unali m'mwamba. Mayi wa kosungira mabaluni ku Manassas, amene ndinayankhula naye pafoni, anati mabaluni opuma ntchito amawaphwetsa n'kuwapinda m'mabokosi, koma okalambitsa amawadula n'kusoka zikwama. Za njovu yathu sanadziwe. Malume ndinangowauza za mabokosizo, poti BP yawo sichedwa kukwera.

Sitima ya Red Line inatisiya pa Union Station, pomwe chikepe chinali chitafa. Tinakwera masitepe ngati nkhono, ine thukuta kamukamu, poopa kuti sitima ya ku Manassas itisiya. Tikiti inali pafupifupi madola khumi munthu mmodzi. Malume anadandaula kuti imeneyo ndi nkhuku yathunthu, koma sangweji ya mazira yomwe ndinawagulira anaidya yonse.

Titadutsa Alexandria, mayi wina wa ku Zambia, wovala yunifolomu ya unamwino, anatimva tikuyankhula.

"Muyenda kuti, ba mudala?"

"Kukaona mnzanga," anayankha malume.

"Adwala?"

"Anapuma ntchito. Ndi njovu."

Mayiyo anandiyang'ana mwachisoni, ngati akuti limbani mtima, achemwali, ukalamba ndi umenewu. Ndinalephera kuseka. Ndinkangosisita botolo la mapiritsi m'thumba.

Pa Manassas tinakwera takisi mpaka kunyumba yamalata yosungiramo katundu, kuseri kwa malo ogulitsa matayala. Mayi wa pafoni uja anatsegula chitseko. M'katimo munkanunkha labala, mabokosi atandandalikidwa ngati makola a mbuzi. Anawerenga mayina a pamabokosiwo limodzilimodzi, kenaka anaima pa tebulo lalitali lomwe panali sizasi.

"I'm so sorry," anatero.

Njovu anali ataidula sabata yathayo. Panatsala khutu limodzi lotuwa, lalikulu ngati mphasa ziwiri, litalendewera mpaka pansi, lili ndi chigamba chomwe malume anati anamata okha chaka chomwe mphepo inaikankhira pamtengo.

Ndinawagwira mkono malume, diso lili pakamwa pawo kuona ngati papotoka. Iwo anavula chipewa, nanditambasulira ndodo yawo, n'kutsetsereka pang'onopang'ono mpaka kukhala pasimenti.

"Malume, mwamva chizungulire? Ndiimbe ambulansi?"

"Iwe, khala pansi," anatero. "Tinabwera kudzatsanzika, koma tapeza maliro. Pamaliro saimirira."

Ndinakhala. Mayi uja anatiyang'ana, nayang'ana sizasi, kenaka nayenso anakhala pansi pafupi ndi malume. Ine ulendo wonse ndinkaopa kuti nkhaniyi iwagwetsa, osadziwa kuti iwo maliro awazolowera kundiposa.

Patapita nthawi malume anaweramira khutu lija, naligwira ndi dzanja lawo lamphamvu.

"Wandipitirira, mnzanga," anatero. "Ine ndiye amandiuza kuti ndatha ntchito, koma kwathu ndikupita wathunthu."