Chala Chaching'ono cha Mayi Mphezi

Mu ofesi ya kumapeto kwa khonde, moyandikana ndi chipinda chosungira mafayilo, munali tebulo limene aliyense ankalidutsa monyang'ama ngati pagona galu woluma. Eni ake anali Mayi Mphezi, wotaipa makalata. Dzina lawo lenileni linali pa chiphaso cha ntchito pokha. Ili la Mphezi anapatsidwa chifukwa ukawasiyira kalata n'kutembenuka kuti uzipita, unkamva pulinta ikulira usanafike pachitseko.

Anayamba ntchito nthawi ya mataipulaita, aja olira ngati munthu akukhoma misomali. Otaipa analipo anayi. Makompyuta atabwera, atatu anauzidwa mwaulemu kuti akapume kunyumba. Mayi Mphezi anatsala chifukwa kwa mwezi wathunthu sankapita kukadya masana, ankangokhala pa kiyibodi kuyesa batani lililonse kuti aone chimene lichita. Kuyambira pamenepo anatsimikiza mumtima kuti chowasunga pa mpandowo ndi zimene ankadziwa okha, ndipo analumbira kuti sadzauza munthu ngakhale mmodzi.

Mausi sankaigwira. Yawo inali kuseri kwa sikirini, itachita fumbi. Ankati mausi ndi ya anthu osadziwa kumene akupita. Anzawo akafuna kusamutsa ndime ankakoka kachinthuko uku ndi uku, lilime lili panja. Iwo chala chaching'ono cha kumanzere chinkangotsikira pa batani la pakona lolembedwa Ctrl, n'kuligwira, chala china n'kugunda X, kenako V, ndime ija yafika kale kumene ikufunika. Akalakwitsa, Ctrl ndi Z, cholakwa chija chazimiririka ngati sichinachitikepo. Dzina likasowa m'chikalata cha masamba makumi anayi, Ctrl ndi F, nali apa. Pakatha mizere itatu iliyonse ankagunda Ctrl ndi S, chifukwa magetsi sankawakhulupirira. Ntchito yonseyi inkatsamira pa kachala kamodzi kaja.

Tisabise, mayiwa anali oumira. Wina akawaitana kuti kalata yake yasowa pa sikirini, ankabwera pang'onopang'ono, n'kuima kumbuyo kwa mpando, n'kuusa moyo ngati dokotala amene waona zoopsa. Kenako ankati, “Takaonani kaye ngati mu pulinta muli mapepala.” Mwini kompyuta akangotembenuka, zala zija zinkachita zake, ndipo pobwera ankapeza kalata ili bwinobwino. Akafunsa kuti mwatani, yankho linali limodzi: “Imangofuna ulemu kompyutayi.”

Amene ankavutika nawo kwambiri anali a Mafayilo, bambo wamimba wosunga mafayilo, amene tebulo lake linayang'anizana ndi lawo. Awiriwa anali atakangana zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa nkhani ya windo, a Mafayilo akufuna lotsegula, Mayi Mphezi lotseka. A Mafayilo ankataipa ndi chala chimodzi chokha, cholozera, ngati nkhuku yojompha, ndipo chilembo chilichonse ankayamba achifunafuna ngati chasamuka usiku. Tsiku limene atsegula windo osapempha, Mayi Mphezi ankadikira kuti apite kokataya madzi. Ankadutsa pa tebulo lawo ngati akupita kukatenga sitepula, n'kugunda Ctrl, Alt ndi muvi woloza pansi. Pa kompyuta yakale imeneyo, zonse za pa sikirini zinkatembenuka chadodolido.

Ulendo woyamba a Mafayilo anagwira ntchito theka la ola atapendeketsa khosi. Ulendo wachiwiri anayesa kunyamula sikirini yonse kuti aitembenuze, mawaya n'kuwakola m'manja. Pamapeto pake ankatseka windo okha, n'kunena mokwinya nkhope, “Mayi, chonde.” Ndipo Mayi Mphezi ankawatuma kukaona mapepala mu pulinta.

Kunyumba kwa Mayi Mphezi kunali amuna awo, dalaivala wa malole amene anapuma ntchito kalekale. Ana onse atatu anali pa okha. Bamboyo ankakhala pa mpando wa pakhonde ndi wailesi kuyambira m'mawa, ndipo munthu aliyense wodutsa pafupi ankamufotokozera za tsiku limene giya inakana paphiri atanyamula simenti. Akasowa womufotokozera ankaitana, “Mayi, sokosi inzake ya iyi ili kuti?” Mayi Mphezi ankawakonda amuna awo, zimenezo n'zoona, koma chikondi chake chinali chokwanira madzulo, Loweruka ndi Lamlungu. Akaganiza zokhala nawo pakhonde paja tsiku lonse, chaka ndi chaka, akumva za simenti, ankalakalaka kuche msanga kuti athawire ku ntchito. Ku ofesi anali Mphezi. Kunyumba anali wofunafuna sokosi.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho, chala chaching'ono chija chinayamba dzanzi, chinzake choyandikana nacho n'kutsatira. Kugunda batani kamodzi n'kulisiya kunali kotheka. Koma kulikanikiza n'kuligwira pamene chala china chikutambasuka kukafika pa X kapena pa V, ululu unkakwera ngati moto mpaka m'chigongono. Anapaka mafuta otentha, anamanga kansalu pogona, koma sizinathandize.

Mwezi womwewo kunabwera abwana atsopano, mayi wa nsapato zogogoda amene ankayenda ndi kabuku m'manja. Pa msonkhano woyamba anamwetulira aliyense, n'kunena kuti amene thanzi silikumulola kuthamanga ndi ntchito asachite manyazi, adzathandizidwa kuti akapume msanga. Ena anaomba m'manja. Mayi Mphezi anabisa dzanja pansi pa tebulo. Mawu aulemu oterowo anali atawamvapo kale, ndipo ankadziwa kumene anawafikitsa anzawo atatu aja. Anachita mantha enieni.

Mawa lake anaunjika mafayilo pakona ya tebulo kuti pakhale mpanda, n'kutulutsa mausi kuseri kwa sikirini, n'kuipukuta ndi mpango. Zinali zomvetsa chisoni. Kamuvi kankathawa, akafuna ndime imodzi kankagwira tsamba lonse, akafuna kutsegula kankatseka. Kalata ya mphindi zisanu inayamba kudya theka la ola. Ndiponso mausi siisunga chinsinsi, imalira. Kakati, kakati. A Mafayilo anadzutsa mutu, anayang'ana mpanda wa mafayilo uja, n'kubwerera ku ntchito yawo osanena kanthu. Akanaseka zikanakhala bwino. Chete ameneyo anawasowetsa mtendere Mayi Mphezi kwa masabata awiri.

Lachinayi lina m'mawa, abwana anaika chikalata pa tebulo la Mayi Mphezi. Linali lipoti la chaka, masamba makumi atatu ndi asanu ndi limodzi. Dzina la nthambi yawo linali litasintha, ndipo linayenera kukonzedwa paliponse pamene likupezeka. Ndime zambiri zinali ndi mivi ya inki yofiira yosonyeza kumene zisamukire.

“Ndamva kuti inu ndi mphezi,” anatero abwana. “Ndilipeze pa tebulo panga nthawi ya nkhomaliro isanakwane.”

Pofika teni koloko Mayi Mphezi anali akadali pa tsamba lachisanu ndi chiwiri. Anasiya mausi, n'kuyesa njira yawo yakale molimba mtima. Chala chitangogwira Ctrl, ululu unawabaya mpaka anatulutsa kamawu. Anaika dzanja pamiyendo, maso ali pa sikirini, koma sankaona kanthu.

A Mafayilo anadzuka, anatseka chitseko, anatsekanso windo limene anali atatsegula okha m'mawa. Anabwera n'kuima pambali pawo.

“Mayi, tasunthani pang'ono.”

“Mukufuna chiyani pa kompyuta yanga? Pitani mukajomphe yanu.”

“Ndati tasunthani.”

Anatambasula chala chawo chimodzi chija, n'kugunda batani lolembedwa Shift kasanu motsatizana. Kompyuta inalira kamluzu, ndipo pa sikirini panatuluka kabokosi kofunsa funso. A Mafayilo anagunda batani lovomera.

“Tsopano gundani Ctrl, mulisiye. Musaligwire ayi. Mwasiya? Gundani X wanu uja. Pitani pamene mukufuna. Ctrl, siyani. V.”

Ndime inasamuka. Mayi Mphezi anayesanso ndi chala chapakati, batani limodzi, kenako linzake, popanda kugwira chilichonse. Inasamukanso. Kompyuta inkakumbukira yokha batani loyamba n'kudikira lachiwiri. Kwa zaka zonsezi anali atayesa mabatani awiriawiri ndi atatuatatu, koma kumenya limodzi kasanu ngati wamisala kunali kusanawabwerere m'mutu.

“Mwazidziwa kuti zimenezi inuyo?”

A Mafayilo anakanda kumutu. “Chala changa n'chimodzi, mayi. Chilembo chachikulu chimafuna ziwiri. Tsiku lina ndinapsa mtima, ndinalimenya batanili mpaka linalira. Papita zaka seveni.”

“Zaka seveni osandiuza?”

“Inu munandiuzapo chiyani?”

Nthawi inali kutha, ndipo Mayi Mphezi anatembenukira ku kiyibodi. Anagunda Ctrl, n'kusiya, n'kugunda H. Analemba dzina lakale la nthambi m'kabokosi kapamwamba, latsopano m'kapansi, ndipo malo onse makumi asanu ndi limodzi anasintha nthawi imodzi. Mivi yofiira ija anaitsata umodzi umodzi. Sanali mphezi ngati kale, koma pulinta inalira kutatsala mphindi khumi ndi zisanu kuti nthawi ya nkhomaliro ikwane.

Masana abwana anawaitanitsa. Mayi Mphezi anayenda khonde lonse akuona kale m'maganizo mpando wachiwiri pambali pa wailesi. Abwana anali ndi lipoti m'manja.

“Ntchito yabwino iyi. Koma ndalandira dandaulo lokhudza inu.”

“Lochokera kwa ndani, bwana?”

“A Mafayilo anabwera Lolemba. Akuti ofesi yonse ikuyenda ngati kamba chifukwa munthu mmodzi anakhalira nzeru zonse. Akuti mukawathandiza mumawatuma ku pulinta.” Abwana anayesetsa kuti asaseke. “Ndiye kuyambira sabata yamawa, Lachiwiri ndi Lachinayi m'mawa muziphunzitsa aliyense, ine ndemwe. Timakalata ting'onoting'ono aliyense azitaipa yekha. Inu muziona zikuluzikulu zokha, ndi kukonza zimene ife tawononga. Ntchito imeneyi itenga nthawi, musaganize zopita kulikonse.”

Mayi Mphezi anatuluka magazi akuwira. Chuma chimene anabisa zaka zonsezi chinali choti achigawe ngati maswiti, ndipo wochititsa anali munthu wa chala chimodzi. Anatsegula chitseko cha ofesi yawo mwamphamvu mpaka kalendala inagwa.

“Kani ndinu kazitape? Mwapita kukandinenera?”

“Ndinapita,” anatero a Mafayilo, osadzutsa mutu.

Mayi Mphezi anaima pakati pa chipinda. Mkwiyo unayamba kutsika pamene anawerenga masiku. Lolemba. Lipoti linali lisanabwere n'komwe. Kuphunzitsa n'kwa pakamwa. Makalata ochepa ndiye kuti dzanja lipuma. Anatsitsa mawu.

“Za dzanjali munawauza?”

“Dzanja liti? Ine ndinawauza kuti ndinu oumira, zimene aliyense akudziwa kale.” Anagunda chilembo chimodzi, n'kuyamba kufunafuna china. “Koma ku chipatala mupite, mayi. Kapu ya tiyi mukumainyamula ngati yobwereka. Mukapita kunyumba, ine ndizikangana ndi ndani muno?”

Mayi Mphezi anatuluka, anapita kumpopi wa kuseri, n'kutsegula madzi kwambiri kuti asamveke. Analira pang'ono, chifukwa cha manyazi ndi chifukwa cha mpumulo, ndipo anasamba kumaso kawiri. Atabwerera anakhala pa mpando wawo, n'kugumula mpanda wa mafayilo uja.

“Bweretsani mpando kuno,” anatero. “Sindikufuna mukandichititse manyazi Lachiwiri pamaso pa abwana.”

A Mafayilo anakoka mpando wawo, ukulira pansi, n'kukhala pambali pawo. Anatambasula chala chawo cha masiku onse.

“Osati chimenecho, bambo inu. Muli nazo khumi. Bweretsani chaching'onocho, muike apa.”