Madzi atabwera kudzatenga dzino

Abale, izi sindikupeka ayi, wokayika abwere adzaone foni yanga yakale, ndinaisunga dala, mpaka lero m'kati mwake muli mchere. Dzina la munthu sinditchula, chifukwa Amalawi a ku Dublin kuno ukangotsokomola ku Tyrrelstown a ku Rathmines amva kale.

Inali nthawi ija ya risesheni, ntchito zikutha ngati mandasi a pa depoti. Ine ndi mnzanga wina wochokera limodzi ku Ndirande tinkagona chipinda chimodzi, ndipo tonse tinkakolopa ku eyapoti. Ndiye taonani, aliyense akumudula mashifiti, ine kuchoka fayifi kufika thuu, koma mnzangayo ake ali gwa, mwinanso kumuwonjezera. Munthu woti kagwiridwe ka mopu ndinamuphunzitsa ndine! Inuyo zikanakukhalani bwino?

Kenako ndinayamba kumuona zachilendo. Pakhoma anamata kapepala kojambula mwezi, pena wathunthu pena watheka, ndi timanambala ta nthawi, ndipo tsiku la ofu ankayamba wawerenga pamenepo, n'kuvala majombo, kobwera ali matope okhaokha. Anandiitanako katatu konse, akuti aise tiye tikasake mano a shaki zakalekale amene anasanduka mwala, ine n'kumufunsa kuti kuzizira konseku ndisiye bulangete ndi foni chifukwa cha mano a nsomba yakufa? Tsono tsiku lina ndikusaka chaja m'dirowa mwake ndinapeza kabokosi ka machesi, m'kati muli thonje, pathonjepo dzino lakuda bii, lonyezimira, laling'ono ngati chikhadabo. Munthu wokulira kwathu, waona dzino m'thonje, waona mwezi pakhoma, waona mnzako ntchito sikumuthera, ungaganize chiyani? Ine ndinangoti ehe, chizimba chija ndi ichi.

Ndinaliba, sindibisa. Sabata yonse ndinakolopa nalo lili m'sokosi, mnzanga akugubuduza chipinda kulifuna, ine ndili chagada pafoni kumuuza kuti mwina linapita ndi huva, makina oyamwa fumbi aja. Lachisanu supavaiza, bambo wachizungu wa imvi, anandiitana n'kundiuza kuti andisiyira shifiti imodzi yokha. Apo ndinati basi, chizimba chakuba sichigwira, chimafuna utole wekha.

Loweruka m'mawa, mnzanga ali kuntchito, ndinakwera basi kupita komwe ankatchula, cha ku Malahide, pamene mtsinje umathira m'nyanja. Kufika, madzi kulibe! Mchenga, matope ndi miyala mpaka uko. Pajatu kwathu madzi akaphwa aphwa, udikire dzinja. Ndani anandiuza kuti kuno amapita n'kubwera kawiri patsiku ngati minibasi? Kapepala ka mwezi kaja kanali ka zimenezo, ine kumayesa ndandanda ya ufiti.

Ndinalumpha kangalande kakang'ono, n'kumapita m'kati, mutu pansi, mahedifoni m'khutu, kutembenuza mwala uliwonse, mumtima ndikuti langa likhala lalikulu kuposa lake. Ndinadzidzimuka nsapato zitanyowa. Kutsogolo nyanja ikadali patali, koma kucheuka, mayo ine, madzi achokera kumbuyo! Kangalande kaja kasanduka mtsinje, ukuyenda mwakachetechete, kopanda mvula, dzuwa lili phwee, ndipo ukulowera kumtunda. Munaonapo mtsinje ukubwerera komwe wachokera? Ndinayesa kuwoloka, mwendo unamira m'matope mpaka m'bondo, ndinauzula nsapato itatsala komweko.

Apa mutu wanga unandiuza chinthu chimodzi, kuti madziwa abwera kudzatenga dzino lawo. Ndinalitulutsa m'sokosi, ndikupepesa mokuwa m'Chichewa, n'kuliponya kutali. Mukuganiza anabwerera? Sanandimve n'komwe, anafika m'chiuno, ozizira ngati akukucheka ndi malezala.

Batire itatsala kamzere kamodzi, ndinamuimbira mnzanga uja, ndikulira ngati mwana, n'kuulula zonse nthawi imodzi, kuti ndinaba ndine, ndataya ndine, ndipo ndikufa. Iye za dzino sanafunse, anangofunsa kuti ndikuona chiyani kumanzere. Nditati mzere wa miyala, anati ndisayerekeze kulunjika kumtunda chifukwa pakatipo pali matope omeza munthu, nditsate miyalayo, opulumutsa anthu wawaimbira kale pafoni ya supavaiza. Ndinayenda madzi ali m'chifuwa, foni ili m'mwamba, iye akungobwereza kuti yenda aise, usathamange, ndili nawe, mpaka ndinaterereka foni n'kumira ili m'manja mwanga. Anthu aja anandikoka ndi chingwe, n'kundikulunga m'chipepala chonyezimira ngati nkhuku ya pa ukwati.

Ndili chinjenjemerere, galimoto inaima, kutuluka mnzanga ndi supavaiza yemwe uja, majombo ali kale kumapazi, malo onsewo akuwadziwa ngati kuchipinda kwake. Kani amasaka limodzi! Akuti bamboyo anayesa kuitana okolopa angapo, amene anavomera ndi mnzanga yekha. Ndipo akuti mano amenewa kuno ngosowa kwambiri, lijali linali lokhalo lomwe mnzanga anatola pa zaka ziwiri akuzizidwa. Mnzangayo sanandikalipire, anangondiveka jekete yake. Bola akanandimenya.

Panopa ndimakhulupirira kuti dzino lija linali chizimba ndithu, kungoti mphamvu yake inali m'kuzizidwa limodzi ndi abwana, komwe ine ndinakana katatu. Nsanje yatha? Ndiname bwanji, mnzangayo pano ndi supavaiza, ndikamuona ndi makiyi m'chiuno mtima umachitabe kuti thu. Koma kapepala ka mwezi kali m'foni mwanga tsopano, ndipo madzi akapita ndimakagwada m'matope muja kusaka lomubwezera. Sindinalipezebe.

Ndiye inu obwera kumene, mukaona madzi a kuno achoka, sanasamuke ayi, angopita pakona, abwera, ndipo adzera kumbuyo kwanu. Komanso mnzanu akakuitanani kokazizidwa, valani majombo akadakuitanani.