Dzanja lolemba dzina la aphungu

Ankamutchula kuti Bulashi, ndipo dzina lake lenileni ngakhale apongozi ake anali ataliiwala. Ntchito yake inali yolemba zikwangwani: pamagolosale, pometera tsitsi, kumbuyo kwa maminibasi. Sukulu sanapite nayo patali, koma chilembo chake chinkaima chilili, osapendekeka.

Mwayi unamugwera aphungu a deralo atalowa m'nyumba ya malamulo. Mjigo ukakumbidwa, Bulashi ankaitanidwa kukalembapo dzina lawo. Mlatho, dzina. Chimbudzi cha pamsika, dzina. Ambulansi imene anapereka kuchipatala inali nalo mbali zonse, lofiira kuti psuu.

"Opikisana nawo amangomata timapepala, mvula ikagwa n'kumatuka," ankadzitama kwa mkazi wake. "Bwana wanga ali pa simenti, mayi. Penti yangayi siisuluka."

Vuto linali pomwepo, koma mwiniwake sanalione. Penti sinkasuluka zoona, zinthuzo n'zimene zinkafa. Mjigo unauma dzina lili waliwali, amayi n'kumabwerera ndi ndowa zopanda kanthu akuliwerenga n'kulavula. Ambulansi inakhala pa njerwa kuseri kwa chipatala, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala.

Chisankho chitayandikira, mkulu wa kampeni anabwera. Anati ambulansi ija aibwerekera matayala kuti aikokere kumsonkhano, ndiye Bulashi akawalitse dzina.

"Abambo, musapite," anatero mkazi wake. "Anthu akwiya kunjaku."

"Akwiyira aphungu. Ine ndimangolemba."

M'mawa womwewo mayi wina woyembekezera anafera pachipatalapo akudikira galimoto yomutengera ku chipatala chachikulu. Mwamuna wake, wowotcherera zitsulo, anatulukira khomo la kuseri ndi abale ake, n'kupeza munthu ali pakampando akuimba mluzu, akukongoletsa ambulansi.

Sanafunse kanthu. Anakankha kampandoko, Bulashi n'kugwa chagada, penti ikumukhuthukira pachifuwa. Zibakera, mateche, wina anatola njerwa n'kumusinja nayo kumsana. Mano anagwera m'fumbi.

"Achimwene, pepani! Ine ndimangolemba!"

"Ndiye tikufuna dzanja lolembalo," anatero wamasiyeyo.

Anamugwira dzanja lamanja, kuliika pakhomo la ambulansi, n'kumenyetsa chitseko. Anatsegula, n'kumenyetsanso. Bulashi anamva zala zake zikuthyoka, ndipo kulira kwake kunatulutsa odwala m'mawodi. Amene anaona sanathe kusiyanitsa penti ndi magazi.

Aphungu anabwera kudzamuzonda ali ndi wojambula zithunzi. Anakweza dzanja lomangidwalo m'mwamba kuti dziko lione nkhanza za otsutsa, basi sanapondenso pakhomopo. Munthu wopanda manyazi! Pachisankho anagwa, ndipo anagwa moipa. Zala za Bulashi zinapola zili zouma, osapindika, bulashi n'kumangopulumuka.

Phungu watsopano atalumbira, munthu wake anafika ndi chitini cha penti yoyera.

"Madala, wolemba tapeza wina. Koma kufufuta mungathe ndi lamanzere, eti?"

M'nyumba munalibe chakudya, ndiye anavomera. Anayambira pamjigo wouma uja. Anapaka, penti n'kuuma, dzina lofiira n'kutulukiranso pansi pake. Anapakanso, misozi ikuyenderera anthu akuona, koma zilembo zinkaonekabe, zowongoka bwinobwino. Pantchito yake Bulashi sankachita zachinyengo.