Matumba Atatu Pansi pa Bedi

Mpaka lero ndikamva fungo la chiguduli chonyowa, mtima umabwerera ku Kanyama, m'nyumba yathu ya zipinda ziwiri, dzinja lija ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mvula inkagwa osalekeza. Madzi anadzaza m'njira, zimbudzi zinasefukira, ndipo popita kumpopi tinkaponda pa njerwa zimene anthu anandandalika m'matope. Bambo anali atachotsedwa ntchito kufakitale. Ufa unkasowa m'masitolo, moti amayi ankaima pamzere kuyambira m'mamawa n'kubwerako chimanjamanja, miyendo itatupa.

Tsiku lina masana lole inaima kumsewu. Amalume a ku Katete anali atatitumizira matumba atatu a chimanga. Bambo anawatenga pawilibala atawafunditsa makatoni, n'kuwakankhira pansi pa bedi lawo, limene linali lokwezedwa pa mabuloko chifukwa cha madzi. Amayi anatigwaditsa kuti tithokoze Mulungu, koma bambo anatseka chitseko ndi zenera, nati tipemphere monong'ona. Chifukwa chinalipo. Sabata yapitayo gulu la anthu linathyola nyumba ya wamalonda wina amene ankamuganizira kuti akubisa ufa. Ndinaona ndi maso anga magazi pamalaya ake, chitseko chake chikuyandama m'thaphwi.

Kuyambira pamenepo chakudya chinayamba kundiopsa. Amayi ankakagayitsa kutali, kukomboni ya George, chimanga atachibereka kumsana ngati khanda. Tinkadya titadzitsekera, ndipo tikamaliza bambo ankatiyang'ana m'manja ndi pakamwa tisanatuluke. Khoma lathu linali limodzi ndi la Ba Mulenga, bambo wamtali wochokera ku Kitwe amene ankaphwanya miyala n'kumagulitsa. Tikamatafuna tinkamva mwana wawo akulira kuseri kwa khomalo, kulira kotopa, kongotuluka pang'onopang'ono. Amayi akamva ankasamba m'manja mbale isanathe.

Amene anaulula ndine. Kumpopi mnzanga Mutinta anandiseka kuti diresi langa lang'ambika kumbuyo, ndipo ndinamuyankha monyada kuti kwathu kuli matumba atatu pomwe kwawo kulibe ngakhale njere. Azimayi amene anali pamzere anatembenuka n'kundiyang'ana. Ndinathamangira kunyumba ndowa isanadzaze, ndipo sindinauze munthu zimene ndinachita.

M'mawa mwake, bambo atapita kukasaka ganyu, Ba Mulenga anaima pakhomo pathu nyundo yawo yaikulu ili m'manja. Kumbuyo kwawo kunali azimayi angapo, ena akubwerabe akuwoloka matope. Ndinakwawira pansi pa bedi n'kukakamira matumbawo.

"Bana Tisa," anatero Ba Mulenga poitana amayi ndi dzina la ine mwana wawo, "namvela ati muli na chimanga. Mwana wanga sanadye masiku yabili."

Ndinkangoona mapazi a amayi, zala zitakanirira pasimenti.

"Tili nacho, Ba Mulenga. Ikani hamala pansi, mubwele munithandize kudonsa. Ni volema."

Ndinamva nyundo ikugunda pansi. Dzanja lokhakhala linalowa pansi pa bedi n'kundikhudza mwendo, ndipo ndinakuwa. Ba Mulenga anawerama, ndipo tinayang'anizana. Maso awo anali ofiira ndi misozi. "Choka apo mwana, ungazipweteke," anatero.

Anakokera matumba awiri panja. Amayi anakhala pampando wawo wamfupi n'kuyamba kutunga ndi mbale yachitsulo, aliyense akutchera chitenje kapena poto. Mayi wina wachikulire anagwada m'matope kuti athokoze, koma amayi anamudzutsa mwachangu. "Osanigwadila ine, amama. Sinalime ine. Yamikani Mulungu." Thumba lachitatu linali poonekera, chitseko chili chotsegula, koma panalibe amene analowa.

Bambo atabwera anakhala panja mpaka dzuwa kulowa. Anatha masiku awiri osayankhula ndi amayi. Chimanga chotsalacho sichinafike kumapeto kwa Febuluwale, ndipo lole ina sinabwere. Masiku ena tinkadya chibwabwa chokha, masamba a dzungu othira mchere, n'kumwera madzi. Nthawi zonsezo ndinkadziwa mumtima kuti njala imeneyo ndinaibweretsa ndine ndi pakamwa panga.

Ndinasunga zimenezi mpaka nditakhala ndi ana anga. Tsiku lina tikusenda mbatata ndinawauza amayi zonse, ndikupepesa. Anati ankadziwa kuyambira tsiku lomwelo, chifukwa amake Mutinta anawauza. "Kunyada kwako kunali koipa," anatero, "koma ine ninali nasowa poyambila. Nenze kuopa atate ako, nenze kuopa bantu, na kupemphela kwenze kunilemela."

Ine ndili mwana ndinkati tsiku limenelo anthu anatilanda chimanga. Amayi, mpaka imfa yawo, akamalikumbukira ankati ndi tsiku limene anapuma.