Ana Awiri pa Khadi Limodzi

Linali Lachitatu loyamba pambuyo pa Pasaka, nthawi ya 9 koloko m'mawa, pamene ndinakhala pa benchi la sikelo ya ana kuchipatala cha mishoni. Mwana wanga wamkazi anali kumsana, khadi lake lili m'kajumbo ka shuga. Nkhungu inali isanachoke m'mapiri, ndipo tonse tinali titafunda zitenje ziwiriziwiri.

Tsikulo kunabwera alendo, anamwino ndi osunga mabuku a odwala ochokera kumayiko ena. Panali mayi wa ku Zambia, bambo wa ku Mozambiki, ndi mzungu wamkazi wamtali amene ankangolemba. Asisitere achikulire, amene ankayang'anira sikelo yathu, anatiuza kuti mabungwe a alendowa akufuna kugwirizana kalembedwe ka makhadi, kuti mwana akawoloka malire, a uko azitha kuwerenga zimene alemba a kuno.

"Ndiye tiyambe kunenepa m'Chipwitikizi?" anatero mayi wina. Anzanga anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa ndinali ndi nkhani kukhosi.

Mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga, anali atathawa nkhondo kutsidya kwa malire n'kudzakhala nafe. Analibe khadi la chipani, ndipo masiku amenewo wopanda khadilo ankatha kubwezedwa pachipata cha chipatala. Ankaopanso kufunsidwa kumene wachokera. Mwana wake, wamkazinso, anali msinkhu umodzi ndi wanga, koma wofooka. Choncho miyezi iwiri yotsatizana ndinamubereka ineyo, n'kupita naye ku sikelo ndi khadi la mwana wanga. Kwathu timabwerekana khasu, lichero, ngakhale nsapato za ku ukwati. Khadi ndinaliona chimodzimodzi.

Ulendo wachiwiri anamubaya katemera wa chikuku, n'kulemba pakhadipo. Ndiye kuti papepala mwana wanga anali wobayidwa, koma pathupi ayi. Ndipo chikuku chinali chitalowa kale m'mudzi woyandikana nafe. Sabata yomweyo tinali titachokera kumaliro a mwana.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, ndipo kulankhula pagulu sindinkakutha. Ngakhale pa Misa ndinkayimbira m'kamwa. Nthawi yanga itakwana, mwana anamupachika pasikelo, ndipo mlendo wa ku Zambia anatenga khadi. Chinyanja chake chinkamveka bwino. Analondola mzere wa kulemera ndi chala: ukukwera, kenako wagwa miyezi iwiri, lero wadumphanso pamwamba.

"Amayi, mwezi uno mwamudyetsa chiyani ameneyu? Tiuzeni, tikadyetse athu kwathu."

Benchi lonse linaseka. Asisitere anayang'ana mbali ya akatemera n'kunena kuti, "Uyu watsiriza. Mudzabwere mwezi wamawa." Anandibwezera khadi.

Ndikanatha kungochoka. Koma mwana anali atandigwira khutu ndi kadzanja kake kozizira, ndipo ndinatembenukira kwa asisitere.

"Pepani asisitere, wa chikuku sanabayidwe."

"Palembedwatu apa, mwana wanga."

"Amene anabayidwa ndi wina."

Mayi wa kumbuyo kwanga anandikoka chitenje. "Iwe, ukufuna kumangitsa anthu?" anandinong'oneza. Sindinatembenuke. Ndinafotokoza zonse, maso ali pansi, koma mawu sanaduke mpaka ndinatha.

Asisitere anavula magalasi. "Khaditu si mchere wopemphana pakhomo," anatero. "Koma wachita bwino kunena." Anatenga cholembera chofiira, n'kukhwatcha miyezi iwiri ija ndi katemera uja. Nthawi yomweyo mwana wanga anabayidwa. Analira mpaka agalu a kumishoni anayankha, ndipo kulira kumeneko kunandikomera.

Bambo wa ku Mozambiki anandifunsa ngati mlamu wangayo ali ndi pepala la sikelo la mwana wake lochokera kwawo. Ndinati lilipo, amalisunga m'chitini, koma palibe wotha kuliwerenga, poti ndi la Chipwitikizi.

"Mubwere nalo mawa, mayi. Ndikadali pano mpaka Lachisanu. Ndiliwerenga ine, asisitere alemba khadi lake la kuno, kuti za mwanayo zisatayike."

"Mudzalowere ku chipata cha ku dimba lathu," anawonjezera asisitere. "Kumeneko kulibe wofunsa."

Mzungu uja analankhula chinachake, alendowo n'kuseka. Mayi wa ku Zambia anandimasulira: akuti akhala masiku angapo akukangana za mizere ndi timabokosi, koma palibe anaganiza zoti khadi limodzi lingabereke ana awiri. Anandifunsa ngati amayi ena amachitanso zotere. Ndinati inde, makamaka ife a m'malire, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake osatchula munthu. Analemba zimene ndinanena ine, wa Sitandade 3.

M'mawa mwake ndinadzutsa mlamu wanga dzuwa lisanatuluke. Anakana kawiri. Ndinatsegula chitini ndekha, n'kumupatsa pepala lake m'manja, mwana wake n'kumuika kumsana kwake. Ndinatsogola ine kudutsa m'minda ya mbatata ya kachewere, ndipo titafika pachipata cha ku dimba, amene anati "Odi" ndinali ine.