Nkhope ya Alwin Petzold

Alwin Petzold anali kondakitala wa sitima zoyenda mumsewu mumzinda wina wa ku Saxony, m'dziko la Germany, ndipo okwera ankamudziwa chifukwa cha mluzu wake. Mu 1917, ali kunkhondo ku France, bomba linaphulika pafupi ndi dzenje limene anabisalamo, n'kumuchotsa chibwano ndi mbali ya mphuno. Madokotala anasoka zimene zinatsala. Mkazi wake Hulda anamulandira osagwetsa msozi, koma mabwana akuntchito anati nkhope yotere ithawitsa okwera. Anamupatsa tsache ndi ndowa kuti azitsuka sitimazo. Supu wa mbatata ankamwa atafulatira anthu, ndipo mumsewu ankadzikulunga mpango mpaka m'maso.

Munthu mmodzi yekha ndi amene ankamuyang'ana osaphethira. Ameneyu anali Benno Seifert, wojambula zithunzi za penti, yemwe anamubereka kumsana tsiku la bomba lija.

"Vula chimpangocho, iwe," anatero Benno tsiku lina. "Ndinakuona mano ali pamtunda, lero undibisire chiyani? Khala apo ndikujambule."

Chithunzicho chinatuluka choopsa. Khungu linali lobiriwira, chilonda chofiira ngati moto, maso aakulu kuposa a munthu. Hulda atachiona anapsa mtima.

"Bwanji wamupaka ngati nyama yowola?"

"Msiye," anayankha Alwin ndi mawu ake ovuta kumva aja. "Ndi mmene ndimamvera m'katimu."

Nyumba ya zithunzi ya mumzindawo inachigula. Lamlungu lililonse Alwin ankapita kukaima chakumbuyo, kuonerera anthu akuyang'anitsitsa nkhope imene mumsewu ankaithawa.

Kenako zinthu zinavuta m'dziko, ntchito yotsuka ija inatha, ndipo Alwin anayamba kuswera ku bala. Kumeneko kunali a Naumann, amene sitolo yawo ya nsapato inagwa, ndipo tsopano ankavala malaya a chipani china chandale chimene chinkakula mphamvu.

"A Petzold, mukuyesa nkhondo ija tinagonja?" anatero a Naumann akumukankhira kapu ya mowa. "Tinagulitsidwa ife. Alipo anthu ochepa, eni mabanki, Ayuda okhaokha, amakumana m'chipinda chopanda mazenera kutsidya kwa nyanja. Nkhondo amayambitsa ndi iwo, kuithetsa ndi iwo. Manyuzipepala ndi awo. Chibwano chanucho anachita kuchiika pamtengo."

Wina anafunsa ngati a Naumann anawaonapo anthuwo.

"Chitsiru iwe, akanakhala ooneka akanakhala achinsinsi?"

Anthu anaseka, koma Alwin sanaseke. Zaka zonsezi ankadzifunsa chifukwa chimene bomba lija linasankhira iyeyo, ndipo yankho analibe. Tsopano analipeza, ndipo linali ndi anthu oti awade. Buledi akakwera mtengo, anali iwo aja. Malasha akasowa, iwo aja.

"Ndiye kuti ndi omwewo akumabowola sokosi zakozi?" anamunyogodola Hulda.

Benno sanazengereze kuuza Alwin maganizo ake. "Chibwano chako anachichotsa ndi mnyamata wanjala ngati ife, amene naye anali kunjenjemera m'dzenje lake. Palibe chipinda chilichonse, Alwin."

"Nanga zithunzi zakozo amagula ndani?" anafunsa Alwin. "Amene amakudyetsa ndani?"

Benno anamuyang'ana nthawi yaitali, anatola chipewa chake n'kutuluka. Sanabwerenso.

Chipani chitatenga boma, chithunzi chija chinatsitsidwa pakhoma n'kukatsekeredwa. Mu 1937 anachitulutsa pamodzi ndi zina zambiri, osati kuti anthu azisirire, koma kuti aziseke. Anazipachika mokhotakhota m'zipinda zothina, pamakoma atalembapo mawu onyoza. A Naumann anatenga gulu la asilikali akale kukaona, Alwin ali pakati pawo.

Anachipeza m'chipinda chachiwiri. Pamwamba pake analemba kuti umu ndi mmene amisala olipidwa ndi adani obisika amatukwanira msilikali wa Germany. Anthu anali pikitipikiti, akuloza ndi kuseka.

"Pali munthu wooneka chonchi?" anatero mayi wina wovala chikhoti chaubweya. "Ndi mizimu yoipa iyi!" Potembenuka anakumana maso ndi Alwin, amene mpango wake unali utatsetsereka chifukwa cha kukankhana. Mayiyo anagwira pakamwa.

A Naumann anaona mwayi. Anamukoka dzanja n'kumuimika pafupi ndi chithunzicho.

"Amayi ndi abambo, mwini nkhope ndi uyu! Ngwazi yathu iyi. Auzeni, a Petzold, anakunyozani kapena ayi?"

Maso a anthu ankachoka pakhoma kupita pa iye, n'kubwereranso pakhoma, ndipo Alwin anaona kuti akupeza kufanana. Anakumbukira fungo la penti m'chipinda cha Benno, ndi mmene mnzakeyo ankamutembenuzira mutu ndi zala ziwiri, mosamala.

"Anandinyoza," anatero.

"Kwezani mawu, sakumva!"

"Anandinyoza! Anachita kumutuma!"

Anthu anaomba m'manja. Wina analavulira chithunzicho, malovu n'kutsika pa diso lakumanzere.

Benno analetsedwa kujambula ngakhale m'nyumba mwake momwe. Apolisi ankafika mosayembekezeka n'kumagwira mabulashi kuti aone ngati ndi onyowa. Amene ankamugula zithunzi anasiya kumupatsa moni. Anayesa ganyu yopaka laimu m'makola a ng'ombe kumidzi, koma mbiri inamutsatira komweko. Chisanu chitayamba kusungunuka chaka chotsatira, asodzi anamuvuula mumtsinje, matumba a jekete ali odzaza miyala.

Hulda ndi amene anabweretsa uthengawo. Alwin anaika supuni pansi.

"Amupha ndi iwo aja," anatero. "Anaona kuti aulula."

"Alwin," anatero Hulda, "m'chipinda cha zithunzi muja munalibe wa kutsidya kwa nyanja. Munali iwe."

Kumaliro kunapita Hulda ndi anthu ena owerengeka. Atabwerako analongedza zovala zake n'kupita kwa mng'ono wake ku Zittau.

Alwin anatsala ndi chipani. Ankagawa timapepala pakhomo la fakitale, mvula ndi dzuwa, ndipo pamene anyamata a chipani ankaswa mazenera a masitolo a Ayuda, iye anaima tsidya lina la msewu n'kumagwedeza mutu movomereza. Nkhondo yatsopano itayamba, mzinda unakonza perete wa asilikali akale. Iye anasita yunifomu yake n'kulawirira kubwalo. A Naumann anamutengera pambali.

"Musakhumudwe, a Petzold. Kubwera ojambula a nyuzipepala, komanso anyamata amene akupita kunkhondo mawa akhala akuonerera. Mukumvetsa. Pitani mukapume."

Alwin anati akumvetsa. Anabwerera kunyumba wapansi, ng'oma zikulira kumbuyo kwake. Anamwalira ndi chibayo nkhondoyo isanathe, ndipo mayi wa nyumba yoyandikana ndi amene anaitana anthu, ataona kuti utsi wasiya kutuluka pa chumuni chake.