Bushra ndi mbuzi za kwa Mwadzama

Abale anga, mukamva kuti munthu wagwa chagada, ndiye Bushra ameneyu. Zaka ziwiri za kafukufuku wake wa kuyunivesite zinathera m'kalata ya mizere inayi: ntchito yanu sitiilandira, digiri palibe.

Mlandu wake? Mtsikanayu ankafufuza matenda amene ntchentche za kashembe zimapatsira mbuzi m'midzi ya kwa Mwadzama, ku Nkhotakota. Anatenga magazi a mbuzi zoposa zana atangopempha eni ake, osadzera ku komiti yoona kuti nyama za pakafukufuku zisazunzidwe. Iye ankati awo ndi mapepala chabe, adzalemba pambuyo. Ha! Chilolezo sapempha ntchito itatha. Choipitsitsa, mbuzi ziwiri zinafa atazimangirira padzuwa tsiku lonse zikudikira jakisoni.

Anabwerera kwawo kwa Malengachanzi chimanjamanja. Anzake akujambulitsa atavala magauni, iye akupirikitsa mbalame m'munda wa mpunga. Analira mwana uja, sindikunama.

Misozi itauma, anapempha chilolezo choti ayambirenso. Komiti inabweza fomu ndi funso limodzi: mudzatani kuti mbuzi zisavutike ndi mantha kapena ululu? Anayankha ndi Chingerezi chozama cha m'mabuku. Fomu inabwereranso.

Tsiku lina pamudzi panali sadaka. Bambo ake, a Fakiri, ndi amene amachinja nyama pa zochitika zotere, ndipo anamutuma kukatenga mbuzi kukhola. Bushra anakoka ziwiri nthawi imodzi kuti ntchito ithe msanga.

"Iwe, kabise inayo kuseri kwa nyumba," anatero a Fakiri. "Mbuzi siona inzake ikuchinjidwa. Nanga iyi yamwa madzi?"

"Madzi achiyani, baba, poti ikufa ndithu?"

"Ikufa, inde. Koma isanafe ili m'manja mwako, ndipo Mulungu adzakufunsa. Suona kuti ngakhale mpeni ndimanolera kumbali kuti isauone?"

 Izi Bushra ankaziona kuyambira ali wamng'ono, koma ankaziyesa zachikale, zosayenera kulowa pa fomu ya kuyunivesite.

Anakhala pansi n'kulembanso fomu ija m'mawu osavuta. Mbuzi zidzadikira pamthunzi zitamwa madzi. Adzabaya imodzi imodzi, zinzake zisakuona, dokotala wa ziweto ali pomwepo. Yofooka adzaisiya. Anawerengeranso bwino n'kupeza kuti mbuzi makumi asanu n'zokwanira, panalibe chifukwa chovutitsira zoposa zana ngati kale.

Komiti inamuitana. Analowa n'kukhala pansi. Wapampando, Dokotala Anastazia, mayi wosaseka wamba, anamuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Zoti mbuzi zisamaonane izi mwazitenga m'buku liti?"

"Si m'buku ayi, mayi. Ndi bambo anga, amachinja mbuzi ku Nkhotakota."

Mayi aja anamwetulira, n'kusaina.

Eee, mtima unakhala pansi! Atatuluka anaimbira foni bambo ake kumudzi. A Fakiri anangoti, "Alhamdulillah, tithokoze Mulungu. Tsono ukazisamale mbuzi za eni akezo."

Ntchitoyo inamutengera chaka china chathunthu, akupalasa njinga m'matope a dzinja. Palibe mbuzi inafa ngakhale imodzi, ndipo digiri anailandira.

Inu amene akubwezani kawiri, katatu, mverani kuno. Wokubwezayo si mdani wanu nthawi zonse, mwina akukuuzani zoona. Vomerani pomwe munalakwa, funsani ngakhale kwa amene mumawayesa osaphunzira, kenako kagogodeninso. Osataya mtima, m'bale wanga, kubwezedwa si kuthamangitsidwa.